Citupa ca Sabata Limodzi

Mzinda wa Kafue uli kumwera kwa Lusaka, ulendo wa makilomita ngati 45, pamene njanji ioloka mtsinje wa Kafue. Ulalo wa njanjiwo unamangidwa m'caka ca 1906, koma anthu anadzaculuka ca m'ma 1970, atatsegula mafakitale a feteleza ndi a nsalu, Nitrogen Chemicals of Zambia ndi Kafue Textiles of Zambia. Anadza ocokera kum'mawa, kumwera ndi ku Migodi, ndipo pofuna kumvana pamsika ambiri analankhula Cinyanja. Masiku a ulemerero wa mafakitalewo anapita, koma anthu anatsala, ndipo Nangongwe ndi imodzi mwa makomboni m'mene akhalamo. Kumeneko, monga m'makomboni ena a m'Zambia, kanema sasowa. Afika pa mbale zogula pamsika, pa wailesi ya kanema, ndi pa foni ya m'thumba imene anyamata anai angathe kuiunjirira pamodzi. Cifukwa cace zithunzi zimene anazipangira anthu a ku America zioneredwa ndi asodzi, oyendetsa malole, amai a pamsika ndi alangizi a zinamwali, ndipo yense acokapo ndi ciweruzo cace.

Mwa zithunzi zotere, cimodzi coyenera kucilingalira bwino ndico Hall Pass, cimene cinatuluka m'February 2011. Anacikonza ndi abale awiri, Peter ndi Bobby Farrelly, omwe aja anachuka ndi Dumb and Dumber mu 1994 ndi There's Something About Mary mu 1998. Nthabwala za abale amenewa ziribe mwinjiro. Muli kutukwana, muli umalisece wa amuna, muli ndi za kucimbudzi zimene munthu sangazichule pamaso pa apongozi. Ku America komweko anacipatsa cizindikiro ca R, ndiko kuti mwana wosakwana zaka 17 saloledwa kulowa m'nyumba ya kanema popanda wamkulu. Pa foni ya ku Nangongwe palibe mlonda wa pakhomo.

Nkhani yace ndi iyi. Owen Wilson asewera ngati Rick, bambo wa ana atatu wogulitsa nyumba, ndipo Jason Sudeikis ndiye Fred, mnzace wa pamtima, wa nchito ya inshuwalansi. Onse awiri ali ndi akazi abwino, Maggie ndi Grace, koma maso ao sakhazikika. Mkazi akadutsa atembenuza khosi, ndipo akakhala paokha alankhula monga anyamata a kumphala, nadziyesa mikango yomangidwa imene ikadamasulidwa ikadatha akazi onse a m'mudzi. Tsiku lina, ali kuceza m'nyumba yatsopano ya mnzao wolemera, alankhula zonyansa osadziwa kuti makina olondera nyumbayo ali kuwaonetsa ndi kuwamveketsa kwa eni nyumba ndi kwa akazi ao omwe. Maggie, atacita manyazi kwambiri, atsata uphungu wa mai wina wophunzira za maganizo a anthu, napatsa mwamuna wace ufulu wa sabata limodzi, acite cimene afuna popanda mlandu. Posacedwa Fred alandira wace. Akazi aja anyamuka ndi ana kunka kunyanja ku Cape Cod, ndipo mikango itsala yomasuka.

Dzina la cithunzici liyenera kumasuliridwa, pakuti m'menemo muli mutu wa nkhani. M'masukulu a ku America, mwana wofuna kutuluka m'kalasi nthawi ya maphunziro alandira kapepala kwa mphunzitsi, kuti womupeza panja asamgwire. Kapepala kameneko ndiko hall pass. Nkhalamba ya m'Zambia ingamve msanga tanthauzo lace, cifukwa ikumbuka citupa cimene mwamuna aliyense wakuda anayenera kuyenda naco m'masiku a Northern Rhodesia, ndi pasi ya usiku ya m'matauni, ndi momwe anthu anatenthera zitupazo pamoto m'cipolowe ca Cha Cha Cha mu 1961. Citupa cimalembedwa ndi wolamulira, nicipatsidwa kwa wolamuliridwa. Potero dzina lokhalo lanena kale kuti ukwati ndi kalasi kapena komboni ya mpanda, mkazi ndiye mphunzitsi kapena bwana, ndipo mwamuna ndi mwana wopempha kutuluka. Funso loyenera kufunsa cithunzici ndi lakuti: kodi cikhulupirira mau amenewa, kapena ciwaseka?

Cithunzi cotere cikaonetsedwa pabwalo la m'komboni, oyamba kumveka ndiwo oseka. Iwo sasowa kumva Cingerezi conse, pakuti cimaso-maso ca Fred cioneka ndi maso. Munthu wotembenuza khosi pamene mkazi wace ali pambali adziwika ku Kafue monga adziwika ku Providence, kumene nkhaniyi icitikira. Oseka amenewa ali ndi miyambi yowathandiza. Anyanja amati mwamuna ndi kabudula, amathera moyenda. Ababemba, amene ali ambiri m'matauni onse, amati ubuchende bwa mwaume tabutoba ng'anda, ndiko kuti cigololo ca mwamuna sicipasula nyumba. Wokhulupirira zotere aona ngati Azungu abvomereza cimene iye anacidziwa kale, ndipo asirira Rick ndi Fred cifukwa ca akazi ao ofatsa.

Koma woseka motero waonerera theka loyamba la ora lokha. Abale a Farrelly anachera msampha, ndipo ogwidwamo ndiwo amuna odzitama. Usiku woyamba wa ufulu wao, mikango ija ipita kukasaka akazi ku Applebee's, nyumba ya zakudya kumene kudya mabanja ndi ana ao. Ikhuta nyama, nibwerera kuhotela kukagona kusanade kwenikweni. Tsiku lina adya makeke osakaniza camba pabwalo la gofu, nacita zauve zimene zithawitsa anzao. Masiku apita, sabata litsala pang'ono kutha, osapeza kanthu. Mau onyengerera amene Fred anawaloweza ndi opusa kotero kuti mkazi aliyense awacoka. Apa ndipo pali luso lenileni la cithunzici, ndipo nzosadabwitsa kuti ndi pomwe pasekedwa koposa. Cionetsa kuti ukwati sunali kumanga amuna amenewa konse. Unali kuwabisira umbuli wao. Pokhala mkazi analipo womnenera kuti ndiye woletsa, Fred anatha kudziyesa ciphona. Atacoka woletsayo, panatsala bambo wa mimba, wogona msanga, wosadziwa kulankhula ndi mlendo. Mwamuna woona mtima sangaseke zimenezi osamva kuti mwala wagwa pafupi ndi phazi lace.

Gulu laciwiri ndi la odana naco. Awa ndiwo akulu a mipingo, makolo, ndi ena mwa alangizi. Mlandu wao ndi wa zolaula, ndipo sunganenedwe kuti ngwabodza. Muli zigawo zimene ziribe nchito m'nkhani, zimene anaziikamo kungofuna kuti anthu afuule. Mkazi wodwala m'mimba m'bafa la kuhotela saonjezera kanthu pa funso la ukwati, ndiponso amuna amalisece a m'nyumba yosambira saphunzitsa munthu cina ciri conse. M'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analicha Lacikristu mu December 1991, ndi m'nyumba za zipinda ziwiri m'mene ana aonera pamodzi ndi akulu, kudandaula kotere kuli ndi malo. Kwa Anyanja mau olaula ali ndi bwalo lao: amveka kucinamwali, amveka m'nyimbo zina za pamtondo ndi pakati pa asuweni, koma samveka paliponse. Colakwa ca kanema wa pa foni ncakuti sadziwa bwalo.

Komabe odana nacowo akapitirira kunena kuti cithunzici cidzaphunzitsa amuna cigololo, ayamba kubwereza mau akale amene eni ace sanali abwenzi a anthu akuda. M'masiku a Northern Rhodesia kunali bungwe loyesa zithunzi za baisikopo zisanaonetsedwe kwa Afirika. Linali kudula zigawo za akazi obvala mosakwanira, za kukumbatirana kwa nthawi yaitali, ndi za umbava umene linaganiza kuti anthu angautengere, kotero kuti zithunzi zambiri zinafika kumakomboni ziri zidutswa zopanda mutu. Maganizo ao anali akuti munthu wakuda acita ciri conse cimene aona pansalu. Tsono mai wina wa ku America wofufuza za makhalidwe a anthu, Hortense Powdermaker, anakhala ku Luanshya mu 1953 ndi 1954, ndipo omthandiza ace anali kukhala pakati pa oonerera baisikopo nalemba zimene anthu anali kunena. M'buku lace la Copper Town, la mu 1962, muoneka anthu osiyana kotheratu ndi amene bungwe lija linali kuwaopera. Anali kufuula, kutsutsana, kulangiza mnyamata wa pa kavalo amene onse anamucha Jack, ndipo Azungu akapsompsonana ena anakuwa mokondwa pamene ena ananyansidwa, nati zotere sizicitika poyera. Sanali kumeza cithunzi. Anali kuciweruza ndi miyambo yao. Zidzukulu zao za ku Nangongwe siziri zopusa kuposa iwo. Ndiponso miyambi ija ya kabudula inalipo kanema asanafike, ndipo amuna amene anakachona ku Salisbury ndi ku Johannesburg, nasiya akazi kumudzi zaka khumi osalemba kalata, sanayembekeze citupa ca munthu.

Nkhani ya amuna acimaso-maso siinayambe ndi abale a Farrelly ngakhale ku America. Mu 1955 Billy Wilder anakonza The Seven Year Itch, m'mene Tom Ewell ali mwamuna wotsala yekha mu New York mkazi ndi mwana atapita kukapuma, ndipo Marilyn Monroe ali mtsikana wa m'cipinda ca pamwamba. M'sewero la pabwalo limene cithunzico cinacokerako mwamunayo anagwadi m'cigololo, koma malamulo a Hollywood a nthawi imeneyo sanalole, kotero kuti m'kanema angolota ali maso, nathamangira kwa mkazi wace pomariza. Patapita zaka 56 malamulowo anali atatha kale, umalisece unaloledwa, koma njira ya nkhani siinasinthe. Rick, atafika pamene Leigh, mtsikana wa ku Australia wogulitsa khofi, abvomera zonse, akumbuka mkazi wace ndi ana, nakana. Akatswiri oweruza zithunzi ku America anaona zimenezi. Ambiri sanacikonde, pakuti mwa atatu ali onse mmodzi yekha ndiye anaciyamikira, ndipo ena anadabwa kupeza ulaliki wa ubwino wa banja utakulungidwa m'zonyansa. Koma anthu wamba analipira. Cithunzi cimene cinadya madola ngati 36 miliyoni cinabweza oposa 80 miliyoni pa dziko lonse.

Pali gulu lacitatu limene mau ace sacedwa kuzimirika pakati pa kuseka ndi kudzudzula, ndilo la akazi okwatiwa. Iwo ayang'ana kumene amuna sayang'ana, ku Cape Cod. Pakuti akazi awiri aja, atakhala kunyanja masiku pang'ono, azindikira kuti ngati mwamuna ali wosakwatira sabata limenelo, ndiye kuti mkazinso ali wosakwatiwa. Kumeneko kuli timu ya anyamata a mpira wa baseball. Mphunzitsi wa timuyo akonda Maggie, ndipo mnyamata wina dzina lace Gerry atsata Grace. Akaziwa safuna mau oloweza kapena uphungu wa Coakley, mbeta yaimuna yokalamba imene Rick ndi Fred aiyesa mneneri wao. Angokhala pamene ali, ndipo ofunsira adza okha. Maggie akana. Grace, amene Christina Applegate amsewera mwanzeru koposa onse a m'cithunzici, sakana.

Pamenepa ndi pamene maganizo a oonerera ayesedwa. Mwamuna amene waseka ora lathunthu poona Fred ali kusaka akazi, kodi asekanso poona mkazi wa Fred atapeza cimene mwamuna wace anacisowa? Kawirikawiri kuseka kotere kuleka msanga, ndipo Grace apatsidwa maina amene Fred sanapatsidwe. Cikhalirenico citupa cinali cimodzi, sabata linali limodzi, ndipo Fred nayenso analowa m'cipinda ndi mkazi wina, azakhali a mtsikana wolera ana a Rick. Mwambi wa Cibemba uja uchula mwamuna yekha, ndipo si mwangozi. M'mabuku a Cinyanja momwe, pamene J. N. Zulu anafuna kulemba za cimaso-maso, dzina la buku lace linali Zomfula Mkazi Wacimaso-maso. Kucinamwali ndi ku kicheni pate mkazi auzidwa kuti banja ndi kupirira, ndipo anthu a m'matauni a m'Zambia acha ukwati shipikisha kilabu, bungwe la opirira; koma wopirira amene alangizi amnena ndi mmodzi. Cithunzi ca Hall Pass, ndi uve wace wonse, cafunsa funso limene alangizi ambiri alilambalala, ndipo woonerera amene akwiyira Grace atakhululukira Fred wayankha funsolo, ngakhale sanafune.

Koma abale a Farrelly nawonso anacita mantha ndi funso lao lomwe. Grace, pocoka kwa mnyamata uja ali kulira, acita ngozi ya galimoto, nathyoka mphuno, natengeredwa kucipatala. Fred acita manyazi kambiri, koma manyazi ace ndi oseketsa; mwazi ndi wa mkazi. Ciweruzo cimeneci sicisiyana kwenikweni ndi ca pabwalo la mowa. Wina angayankhe kuti ngoziyo inafunika kuti amuna aja athamangire kwa akazi ao nkhani ithe. Ndi zoona, koma akonzi akadatha kugwetsa Fred m'ngalande momwemo.

Cosowa cacikulu m'cithunzici, cimene munthu wa ku Nangongwe aciona msanga kuposa wa ku America, ndico anthu ena. Rick ndi Maggie apangana za citupa ali awiri m'nyumba, monga ogulitsana njinga. Mulibe ankhoswe, mulibe malume, mulibe mpingo, mulibe mlandu. Kwa Acewa ndi Ansenga ukwati ndi wa mabanja awiri, ndipo mkazi alibe mphamvu yakupatsa mwamuna cilolezo cotere, monga nayenso mwamuna alibe, pakuti amene anamanga ukwatiwo ndi ankhoswe. Makhoti a Local Court m'Zambia amva milandu ya cigololo ndi ya kusokoneza ukwati, nalamula malipo a ndalama, ndipo nkhani zace zidzaza manyuzipepala a tsiku la Sabata. Akale anali ndi ciphunzitso ca mdulo, cakuti mwamuna woyenda kunja pamene mkazi ali ndi pakati kapena ali ndi khanda adzadwalitsa a m'nyumba mwace. Munthu angakhulupirire mdulo kapena ai, koma ciphunzitsoco cinagwira mfundo imene kanema uyu aikana: cimene mwamuna acita kunja cibwera naye kunyumba, ndipo cigwera amene sanapite.

Mfundo imeneyi siili ya makedzana okha. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa mu 2021 anapeza kuti mwa akulu 100 ali onse m'Zambia, 11 ali ndi kacirombo ka HIV. Mwa akazi anali ngati 14, mwa amuna 8. Kafue ali pamseu wa malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, ndipo mabanja ace adziwa mtengo wa sabata limodzi lotere. M'cithunzici matenda sali mbali ya nkhani, mimba yapathengo mulibe, ndipo ndalama za hotela ndi za mowa wa sabata lonse sizicotsa ndiwo pa mbale ya ana. Rick ndi Fred angathe kupusa cifukwa ngolemera, ndi cifukwa akonzi awachinjiriza. Mkazi wa msodzi amene mwamuna wace abwera kucokera kudambo la Kafue ndi ndalama za nsomba, nazitha m'masiku atatu asanafike pakhomo, sangaone citupaco ngati nthabwala yopanda mano. Akaseka, aseka cifukwa amuna awo awadziwa.

Nkoyenera kulinganiza cithunzici ndi Mpali, sewero la m'Zambia limene linayamba pa Zambezi Magic mu 2018, la mlimi wolemera Nguzu ndi akazi ace ambiri a mitala. Mpali alibe umalisece, ndipo aoneredwa ndi banja lonse, koma pa nkhani ya cilakolako ca mwamuna ngwolimba mtima kuposa Hall Pass. M'menemo mkazi aliyense amene Nguzu amkonda atsala pamunda, ndi nyumba yace, ndi ana ace, ndi nsanje yace, ndipo mawa lace ayenera kuonana naye. Palibe cimene citha pa tsiku lacisanu ndi ciwiri. Oonerera atsutsana za akazi amenewa ndi maina ao monga ngati ndi anansi, pakuti seweroli liwapatsa anthu oti awaweruze. Leigh wa m'Hall Pass si munthu wotero. Iye ndi ciyeso cabe, ciri ndi nkhope yokongola, ndipo Rick atakana palibe afunsanso za iye.

Pa masekedwe, ciweruzo ncapafupi. Theka loyamba ndi labwino, makamaka masiku aja opita pacabe, ndipo Richard Jenkins monga Coakley aseketsa ngakhale wosafuna. Theka lomariza, la kuthamangitsana ndi apolisi ndi la mnyamata wansanje wa mfuti, ndi phokoso lobisa kuti akonzi anasowa pomalizira. Owen Wilson ngwofatsa kotero kuti palibe woonerera akhulupirira kuti angacimwe, ndipo kukana kwace kulibe kulemera. Nkhani yeniyeni ndi ya Fred ndi Grace, amene onse awiri anagwa.

Pomariza penipeni awiriwa abwererana, yense atabisa cace. Koma Fred sapirira. Pamene Grace ampempha kuti ampereke kukaonerera wanthabwala Kathy Griffin, mau amphulika m'kamwa, naulula zimene anacita ndi azakhali aja. Oonerera aseka, ndipo cithunzi citsekedwa. Za Gerry, Grace sanena kanthu, ndipo Fred safunsa, pakuti sanaganizepo ndi kamodzi komwe kuti citupa cija cinali ndi maina awiri.